Tepi ya Telala Ilowe M'khola

Pa chilumba cha Marion, kum'mwera kwa South Africa, akatswiri amaika pa sikelo ana a nyama ya m'nyanja yotchedwa elephant seal akangoleka kuyamwa. Mwana amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi 40, nayamwa milungu itatu yokha, mayi n'kubwerera m'madzi. Kenaka amakhala milungu ingapo osadya, akudalira mafuta a m'thupi mwake. Wosiyidwa ali wopepuka ndiye amafa msanga. Akatswiri ena amayeza mafutawo pansi pa khungu ndi makina a ultrasound.

Kwathu kwa Lundu, ambiri tinaphunzira ndi ndalama za ng'ombe, koma ana ake timangowayeza ndi maso. Mu Okutobala msipu ukauma, wotupa mimba ndi njoka timamuyesa wonenepa, mpaka m'mawa umene walephera kudzuka.

Ultrasound tilibe, koma tepi ya telala ilipo. Izungulizeni pachifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, papasani nthiti ndi patsinde pa mchira, lembani m'kope mwezi uliwonse. Nambala ikamatsika, itanani alangizi a ziweto.

Anzanga a zauphunzitsi, masentimita tisamangophunzitsira pa bolodi. Ana omwewo ndi amene amakaweta akaweruka.