Titalikirane Matupi, Osati Mitima

Nthawi ya korona, anzathu atabwerera kuchokera ku Joni, pamsika wa Namitambo panali manong'onong'o. Mwana wa m'mudzi mwathu akangotsika basi, ena ankatseka zitseko, ena ankathawa mkazi wake pamjigo. Ankati wabweretsa korona.

Abale, zoterezi tinazionapo kale. Edzi itavuta, tinkapatula mbale ndi makapu a odwala, ndipo ambiri anabisa matenda mpaka kumanda. Zinthu zinayamba kusintha ma ARV atafika pachipatala cha Chiradzulu mu 2001, anthu n'kulimba mtima kukayezetsa. Kusalana sikunachiritse munthu ngakhale mmodzi.

Kudzipatula n'koyenera ndithu. Ngakhale Levitiko 13 imanena zoti woganiziridwa nthenda abindikiritsidwe masiku 7. Mu 2020 wochokera kunja ankayenera kukhala payekha masiku 14, koma munthu wodzipatula tisamutaye. Timusiyire ndiwo, nkhuni ndi madzi pakhomo. Tivale masiki, timulonjere tili chapatali, tikabwerako tisambe m'manja ndi sopo. Sabata likalowa, timuimbire foni ndi kupemphera naye.

Munthu wosalidwa amabisa chifuwa chake, n'kudzakhala nafe benchi limodzi kutchalitchi. Wosamalidwa amakayezetsa msanga, ndipo tonse timatetezeka.