Magitala akale a besi: mmene acinyengo amakolera ogula pa intaneti

Mu Seputembala 2020, gitala ya besi ya Fender Mustang ya 1969, imene Bill Wyman wa gulu la Rolling Stones anali kuimbira, inagulidwa pa madola 384,000 pa malonda opikisana mitengo ku America. Mu Disembala 2021, besi ya Yamaha BB-1200 ya Paul McCartney inaposa pamenepo, inapita pa madola 496,100.

Mitengo yotere yasandutsa besi yakale kukhala cuma cosungidwa ngati golide, ndipo pamene pali cuma akuba sasowa. Pa misika ya pa intaneti monga eBay, imene inayamba mu 1995, ndi Reverb, imene inayamba mu 2013, wogula amapereka ndalama asanagwire katunduyo m'manja. Cimene amaona ndi cithunzi, nambala ya ku fakitale ndi mbiri imene wogulitsa walemba. Zitatu zonsezi wacinyengo angathe kuzipeza popanda kukhala ndi gitala yeniyeni.

Cifukwa cace zakale zimakwera mtengo

Leo Fender wa ku Fullerton, m'cigawo ca California, anatulutsa Precision Bass mu 1951, ndipo Jazz Bass inatsatira mu 1960. Mu Januwale 1965 anagulitsa kampani yake ku CBS pa madola 13 miliyoni. Osunga zakale amakhulupirira kuti magitala opangidwa malondawo asanacitike ndiwo apamwamba, motero mtengo wake umaposa kutali wa magitala a zaka za m'ma 1970.

Apa ndi pamene cinyengo cimalowera. Kusintha caka ca gitala pa cilengezo ca malonda, kucoka pa 1974 kupita pa 1964, kumaculukitsa mtengo kangapo. Komanso magitala a Fender amamangidwa ndi zomangira, kotero khosi, thupi ndi zitsulo zake zimamasuka mosabvuta. Munthu angatenge khosi lakale lenileni, nalimanga pa thupi latsopano, nagulitsa conseco monga gitala ya 1962.

Palinso magitala amene kampani ya Fender yeniyeniyo imapanga motsanzira akale. Inayamba kutero mu 1982, ndipo mu 1995 inayamba kugulitsa ena ocita kupalidwa dala kuti aoneke otha nchito. Amenewa ndi katundu wololedwa, koma akafika m'manja mwa wacinyengo amapatsidwa caka cabodza.

Kukula kwa malonda a magitala abodza kunaonekera mu Novembala 2024, pamene akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America analengeza kuti agwira magitala abodza a Gibson oposa 3,000 pa doko la Los Angeles ndi Long Beach. Akanakhala enieni, mtengo wake ukanaposa madola 18 miliyoni.

Umboni uli m'kati

Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Ogula ambiri amakhutira akaona nambala ya ku fakitale, koma pa magitala a Fender a zaka za m'ma 1960 nambalayo ili pa kacitsulo ka kumbuyo komangidwa ndi zomangira zinayi, ndipo aliyense angakasamutse. Inayamba kulembedwa kumutu kwa gitala mu 1976.

Umboni wolimba umapezeka gitala ikamasulidwa. Kutsinde kwa khosi, anchito a ku fakitale anali kulemba mwezi ndi caka ndi pensulo, ndipo kuyambira mu 1962 anayamba kudinda ndi cidindo. Tizipangizo tokwezera ndi kutsitsira mau tilinso ndi manambala ake. Nambala yoyamba ndi 137 imasonyeza kampani ya CTS, yoyamba ndi 304 imasonyeza Stackpole, ndipo zotsatira zake zimachula caka ndi mlungu. Motero 137 6420 itanthauza mlungu wa 20 m'caka ca 1964. Gitala yonenedwa kuti ndi ya 1962 koma yokhala ndi kacipangizo ka 1971, mwina inakonzedwapo, mwina caka cake ncabodza, ndipo wogulitsa ayenera kufotokoza.

Mbiri ya kapangidwe nayo imagwira wabodza. Jazz Bass ya 1958 kulibe, pakuti inali isanapangidwe. Thabwa lakuda la rosewood pa khosi la Precision Bass linayamba mu 1959. Lamulo ndi lakuti ziwalo zonse zigwirizane pa msinkhu. Wogulitsa woona mtima, amene akufuna madola zikwi zambiri, sakana kujambula malo amenewa. Wokana ali ndi cimene akubisa.

Gitala imene kulibe

Cinyengo cina ncoposa pamenepa, cifukwa wogulitsayo alibe gitala iriyonse. Amaba zithunzi za sitolo yodziwika, nazilengeza pa mtengo wotsika kwambiri. Nthawi zina amalowa mwakuba mu akaunti ya munthu wa mbiri yabwino, kotero akaunti imene kwa zaka inali kugulitsa zobvala mwadzidzidzi iyamba kugulitsa magitala okwera mtengo.

Njira yomugwirira ndi yapafupi. Wogula afufuze cithunzico pa Google kuti aone ngati cinaonekapo kwina. Kenaka apemphe cithunzi catsopano ca gitalayo pamodzi ndi pepala lolembedwa tsiku ndi mau amene iye wasankha. Popeza makompyuta a masiku ano amapanga zithunzi zabodza mosabvuta, ndi bwino kupemphanso kuonana pa foni, wogulitsa akutembenuza gitalayo ndi kuiliza.

Nthano yokoma nayo ndi nyambo. Mu 2000, cojambula cina cinalengezedwa pa eBay ndi nkhani yakuti mwini wake anacitola pa mtengo wocepa ndipo sadziwa za luso lojambula. Anthu anaganiza kuti ndi nchito ya katswiri wochuka Richard Diebenkorn, ndipo mtengo unafika madola 135,805. Cinali cabodza. Mu 2001 amuna atatu anaimbidwa mlandu ku Sacramento cifukwa cogwiritsa nchito maina ambiri onama pokweza okha mitengo ya katundu wao. Macenjera omwewo amagwira nchito pa magitala: nkhani ya agogo amene anasiya besi pansi pa bedi, ndi opikisana osadziwika amene amakankha mtengo pang'onopang'ono.

Katundu wakuba ndi ngozi inanso. Besi ya Höfner imene McCartney anagula ku Hamburg mu 1961 inabedwa ku London mu 1972, ndipo kubwerera kwake kunalengezedwa mu Febuluwale 2024. Gitala yakuba ikadziwika, ngakhale patapita zaka zambiri, wogula angataye gitala ndi ndalama zomwe. Ncifukwa cake malisiti ndi mbiri ya eni ake akale nzofunika.

Njira ya ndalama

Macenjera onsewa amathera pa cinthu cimodzi: kutulutsa wogula kunja kwa msika. Wacinyengo amalemba kuti wopambana walephera kulipira, ndipo gitala ipita kwa amene atumize ndalama lero. Amapempha kuti ndalama zipite ku banki mwacindunji, pa Western Union, pa ndalama za crypto, kapena pa PayPal monga mphatso ya kwa acibale, njira imene ilibe citetezo ca wogula. Mu 2017 kampani ya Western Union inabvomera kulipira madola 586 miliyoni ku boma la America cifukwa colephera kuletsa acinyengo kugwiritsa nchito njira yake. Ndalama yotumizidwa motere ikatengedwa, kawirikawiri sibwerera.

Nkhaniyi ikhudzanso oimba a kuno kwathu. Besi ndiyo msana wa kalindula, ndipo magulu oimba ndi makwaya a m'machalichi amafuna zida zabwino pa mtengo wotsika. Wogula wa ku Lusaka kapena ku Chipata sangapite kukaona gitala imene ili ku London, ndipo kuibweza ikafika yabodza kumadya ndalama zambiri. Pa malonda a pa Facebook olipiridwa pa foni, palibe woimira pakati. Wonyengedwa ayenera kusunga mauthenga onse ndi kukanena msanga ku polisi ndi ku bungwe la ZICTA, koma ngati wakubayo ali kunja kwa dziko, kumupeza nkobvuta.

Motero citetezo ceniceni cili pa zimene wogula acita asanalipire: kuona m'kati mwa gitala, kufunsa katswiri amene alibe gawo pa malondawo, ndi kulipira kudzera pa msika womwewo kuti ndalama zithe kubwezedwa. Wogulitsa akayamba kufulumiza, wogula adekhe. Magitala a Fender a zaka za m'ma 1960 anapangidwa ambiri, ndipo amene waphonya imodzi lero adzapeza ina pa msika.