Motoka Ilibe Ziwanda, Yang'anani Matayala

Mvula ikangoyamba pa Kopala mu Novembala, zithunzi nazo zimayamba kuzungulira m'mafoni: Mark X yalowa m'ngalande, Altezza yakumbatira mtengo wa magetsi, BMW yatembenuka pakati pa mseu n'kuyang'ana komwe yachokera. Ndiye akatswiri a pa bala amayamba kukamba. Wina akuti mamotoka amenewa ali ndi ziwanda. Wina akuti pamalopo pamafuna magazi. Mwini motoka, ngati wapulumuka, amangoti inangomuthawa yokha.

Bodza limeneli latikwana. Motoka siithawa yokha. Imachita zimene phazi lalamula ndi zimene matayala angakwanitse, basi. Ndipo ambiri mwa inu, abale anga, mukuyenda pa matayala amene anapangidwira chipale chofewa cha ku Japan, m'tauni imene chipalecho sichinagwepo.

Tiyambe ndi mmene motoka yanu inapangidwira. Vitz, Corolla, Allion ndi Spacio zambiri zimakoka ndi mawilo akutsogolo, ndipo injini yolemera imakhala pamwamba pa mawilo omwewo n'kumawakanikiza pansi. Mark X, Altezza, Chaser ndi BMW 3 Series yakale zimakankha ndi mawilo akumbuyo. Kumeneko kulibe injini yokanikiza, kuli buti chabe ndi sipika. Mukaponda mafuta mwamphamvu pa kona yonyowa, mawilo akumbuyo amataya mseu, kumbuyo kwa motoka kumathamangira kutsogolo, ndipo mukamati mugwire chiwongolero mwayang'ana kale kumene mwachokera. Vitz yaing'ono ili ndi horsepower pafupifupi 70. Mark X ya V6, ya malita 2.5, imapitirira 200. Munthu amaphunzira kuyendetsa pa Vitz, n'kugula Mark X atangolandira loni, koma phazi lake likadali la pa Vitz.

Kukankha ndi kumbuyo pakokha si mlandu. Hiace imene mumakwera kupita ku Chisokone imakankha ndi kumbuyo. Canter ndi Rosa chimodzimodzi. Palibe amene amazinena kuti zili ndi ziwanda. Vuto limabwera pamene mphamvu zambiri, mseu woterera, matayala olakwika ndi mtima wofuna kuonetsa zakumana pa kona imodzi.

Anzathu a ku Japan amene anayamba kuyendetsa mamotoka amenewa amadziwa bwino zimenezi. Ku Hokkaido, ku Aomori ndi ku Niigata chipale chimakwirira miseu kwa miyezi. Kumeneko munthu amasintha matayala kawiri pachaka, ndipo amene akufuna Mark X m'madera amenewo amatha kusankha mtundu wokoka ndi mawilo onse anayi. Mu 1990 dziko lawo linakhazikitsa lamulo loletsa matayala a misomali chifukwa cha fumbi limene ankapala pa phula, ndiye anthu anasamukira ku matayala otchedwa studless. Mwini wake akatopa ndi motoka, imapita ku okushoni ndi matayala amene yavala tsikulo. Imakwera sitima mpaka Dar es Salaam, imadutsa pa Nakonde, imatsika mseu wonse mpaka Kapiri Mposhi, n'kufika mu Kitwe idakali ndi nsapato za ku Sapporo. Ife timaziyang'ana n'kumati, "Matayala akali na nyama, mudala!"

Nyama imeneyo ndiyo msampha. Mphira wa tayala la studless ndi wofewa dala kuti usaume kukazizira, ndipo opanga matayala amati ntchito yake imayamba kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7. Kuno mu Okutobala timapitirira madigiri 30, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Timizere tating'ono tambirimbiri timene tili pa tayalalo tinapangidwira kuluma chipale. Pa phula lotentha mphirawo umapindika ngati siponji, ndipo pa phula lonyowa motoka imayenda mtunda wautali isanaime kusiyana ndi ya matayala wamba. Kulizindikira sikuvuta. Gwadani, muwerenge m'mbali mwa tayala. Mukaona mawu oti STUDLESS, kapena kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu kali ndi kanyenyezi ka chipale mkati, kapena maina ngati Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx, dziwani kuti ndi matayala abwino a dziko lina. Onaninso manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2016. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisanayende.

Manje onjezani mvula yathu. Kopala imalandira mamilimita opitirira 1,000 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Mvula yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imatukula oilo, dizilo ndi fumbi zimene zaunjikana pa mseu chilimwe chonse. Motoka yonse, pamodzi ndi inu ndi anzanu anayi, imagwira pansi pa malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho. Ntchito ya mizere ya tayala ndi kutaya madzi kuti chikhathocho chikhudze phula. Liwiro likakula madzi amachuluka kuposa amene mizere ingataye, tayala limakwera pamwamba pa madzi, ndipo chiwongolero ndi mabuleki zimasanduka zokongoletsa. Pa 100 mumadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umakula kanayi. Masamu amenewa sasintha chifukwa choti mwayendetsa zaka khumi.

Ganizirani mseu wa Kitwe kupita ku Ndola, makilomita pafupifupi 60 a mbali ziwiri, pomwe aliyense amafuna kuyesa injini akangowoloka Kafue. Pamenepo mumayenda ndi mathiraki a ku Kasumbalesa amene amakuthirani madzi pagalasi mpaka osaona kanthu. Ganiziraninso miseu ya mu Parklands, yamitengo m'mbali, yamakona ndi mageti a nyumba. Madzulo a Lachisanu anyamata akuchoka pa Mukuba Mall amaisandutsa bwalo la mpikisano. Koma mu miseu yomweyo mukuyenda ana ochokera kusukulu, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu akuthamangira basi atafunda chitenge kumutu, alonda pa njinga akupita ku ntchito ya usiku, ndi achibale onyamula chakudya kupita ku Kitwe Teaching Hospital. Inu muli ndi lamba ndi airbag. Iwo ali ndi ambulera. Mu 2021 ndi mu 2022, chaka chilichonse, anthu opitirira 2,000 anafera pa miseu ya Zambia, ndipo ambiri mwa iwo anali oyenda pansi. WHO imati ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Ndife amene tikupha, ndifenso amene tikufa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi kabatani kamene mumakonda kuzimitsa. Mamotoka ambiri amenewa ali ndi TRC kapena VSC, kompyuta imene imamva wilo likayamba kuzungulira pachabe, n'kuchepetsa mphamvu kapena kugwira buleki pa wilo limodzi mwachangu kuposa phazi la munthu aliyense. Ku European Union chipangizo chotere n'chokakamiza pa mamotoka onse atsopano kuyambira mu 2014. Kuno mnyamata amachizimitsa chifukwa akuti chimadya pawa. Pafupi ndi giya palinso batani lolembedwa SNOW. Mumaliseka kuti n'la azungu. Komatu ntchito yake ndi kufewetsa kanyamukidwe ka motoka kuti mawilo akumbuyo asapalase, ndipo pa matope ofiira a ku Chimwemwe kapena ku Chamboli limathandiza monga mmene limathandizira pa chipale. Inu mumadina PWR mvula ikugwa. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa komwe munazitenga. Tokyo Drift inatuluka mu 2006, ndipo mavidiyo a gusheshe, BMW 325i ya ku Soweto, ali m'foni ya aliyense. Luso limenelo ndi lenileni, ndipo ndimalilemekeza. Koma Keiichi Tsuchiya, amene amatchedwa mfumu ya drift, anali dilaiva wa mipikisano amene anafika mpaka ku Le Mans. Ku South Africa spinning inachoka m'miseu ya m'makomboni n'kulowa m'mabwalo otchingidwa ndi matayala, oonerera ali kuseri kwa mpanda. Inu mwatenga utsi ndi phokoso, mwasiya maphunziro ndi mpanda.

Mudzati matayala ndi odula. Zoona, ndi odula. Koma ndani anagula marimu onyezimira, ekizozi yodzutsa komboni yonse, tinti ndi sabuufa? Ndalama inalipo, munangosankha zooneka ndi zomveka. Ngati thumba likukwanitsa matayala awiri chabe, agulireni kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukataya mseu palibe chiwongolero chokubwezani. Ngati mukugula a salaula, werengani tsiku, kanani studless, ndipo yang'anani timizere topingasa m'kati mwa mizere ikuluikulu. Mphira ukafika pamenepo patsala mamilimita 1.6, ndipo m'dzinja tayala lotero latha kale. Amene sangakwanitse matayala a Mark X sanakwanitse Mark X. Agule Vitz, palibe manyazi.

Mudzatinso vuto ndi maenje ndi ngalande zotsekeka. Pamenepa muli ndi mfundo, ndipo khonsolo ndi boma tizilimbana nazo mpaka zikonze. Koma dzenje limene mumalidziwa, pa mseu umene mumadutsa tsiku lililonse, ndi chifukwa chochepetsera liwiro. Simungatukwane mseu m'mawa kuti ndi woipa, madzulo n'kuuthamanga pa 140.

Enanso ali ndi gawo lawo. Ogulitsa mamotoka amadziwa kuwerenga m'mbali mwa tayala kuposa tonsefe, ndiye auze wogula chilungamo kapena asinthe matayala motoka isanachoke pa yadi. A RTSA poyesa fitinesi ayang'ane mtundu ndi zaka za tayala pamodzi ndi kuya kwa mizere. Masukulu ophunzitsa kuyendetsa aphunzitse chochita kumbuyo kukayamba kuthawa: kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, kusaponda buleki modzidzimuka, kuyang'ana komwe ukufuna kupita ndi kuwongolera komweko. Ndipo Kopala, yodzaza ndi malo akale a migodi, singasowe bwalo limodzi lotchingidwa kumene okonda kuzunguza motoka angaotche matayala awo Loweruka, ambulansi ili pambali. Amene akufuula kuti Altezza iletsedwe akuthamangitsa chithunzithunzi. Toyota inasiya kuipanga mu 2005, Mark X inathera mu 2019, ndipo mawa kudzabwera ina yamphamvu kuposa pamenepo.

Nkhani ya ziwanda imatikomera chifukwa imachotsa mlandu pa munthu. Chiwanda sichipita kukhoti, sichilipira sukulu ya ana amasiye, sichiyang'anizana ndi mayi wa mwana amene wagundidwa pa geti la kwawo. Dilaiva ndiye amaima pamenepo, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Mitambo isanade, tulukani panja ndi tochi ya foni, mugwade pa wilo lililonse, muwerenge zimene zalembedwa. Mukapeza kaphiri ka chipale, makiyi akhale m'thumba mpaka mutasintha.