Glaucoma Si Ng'ala

Ng'ala ikachotsedwa kuchipatala, munthu amaonanso. Matenda a glaucoma sali choncho. Madzi a m'kati mwa diso akalephera kutuluka bwino, amapanikiza mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo ukafa sudzukanso. Kawirikawiri diso silipweteka konse.

Chithandizo chilipo chamitundu itatu: mankhwala odontheza m'maso monga timolol, kuwala kwa leza, ndi opaleshoni yotsegula njira ya madziwo. Zonsezi zimangoteteza kuona kumene kwatsala. Choncho wodwala woleka mankhwala poganiza kuti sakumuthandiza, akudziitanira khungu. Mankhwalawa amafunika tsiku lililonse, moyo wonse. Motero wokhala kutali ndi chipatala asakane opaleshoni dokotala akamulangiza. Aliyense wopitirira zaka 40, makamaka amene mbale wake ali ndi matendawa, akapimitse maso asanachedwe.