Chikalata cha Keyala: dzina lisokeretsa, nambala ilondola

Okonda mpira akamva dzina lakuti Moyale amaganiza za timu ya asilikali ya ku Mzuzu. Ndi ochepa amene amadziwa kuti Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe mu Julayi 1940 kagulu ka asilikali a ku Nyasaland kanazingidwa ndi Ataliyana kwa masiku angapo, kenaka n'kuzemba usiku. Anali a bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles, gulu lomwe makolo ankangoliti Keyala, osati keyala ya ku positi ofesi ija. Dzina la Moyale linafika kuno chifukwa cha anyamata amenewo.

Amene anapulumuka pa nkhondoyo anabwera ndi kabuku kapena chikalata chowamasula usilikali, komanso mamendulo awiri kapena atatu. Lero zinthuzi zili pansi pa masutikesi ku Ntcheu, ku Liwonde, ku Luchenza, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi malisiti akale a msonkho. M'mabanja ambiri zinatuluka komaliza tsiku la maliro a mwiniwake, pamene wowerenga mbiri ya malemu ankafuna chaka chobadwa.

Pa 15 Ogasiti 2025 panakwana zaka 80 kuchokera pomwe dziko la Japan linalengeza kuti lagonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mnyamata amene analowa usilikali mu 1945 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1927, choncho asilikali otsala moyo ndi owerengeka. Ana awo nawo ndi agogo tsopano. Nyasaland inatumiza amuna oposa 27,000 ku nkhondoyi, ndiye kuti mabanja okhudzidwa ndi ankhaninkhani. Vuto ndi lakuti chikalatacho chinalembedwa m'Chingerezi cha asilikali, chodzaza ndi zidule, moti ngakhale mdzukulu wa ku sekondale amangochitembenuza n'kuchibwezera m'sutikesi.

Anthu ambiri amayambira pa dzina, ndipo mpomwe amasokonekera. Kalaliki wa ku depoti ankalemba monga wamvera. Dzina limodzi limatha kulembedwa mwa njira zitatu pa mapepala atatu. Anyamata ena ankapereka dzina la atate awo, ena la kuchinamwali, ena dzina lamasewera lomwe kumudzi silinkadziwika n'komwe. Panalinso amene ankachokera kutsidya ku Mozambique n'kutchula mudzi wa ku Mulanje kapena ku Zomba kuti awalembe. Zaka zobadwa nazo nthawi zambiri zinali zongoyerekeza, poona msinkhu ndi thupi la munthu.

Chimene sichinkasinthasintha ndi nambala. Msilikali aliyense ankapatsidwa yake, ndipo ndiyo ankalandirira malipiro, kugonekedwera m'chipatala ndi kulembedwera akamwalira. Nambala zambiri za asilikali a ku Nyasaland zimayamba ndi zilembo DN. Banja lomwe lili ndi nambalayi lili kale pakati pa ulendo. Ngakhale chikalata chitadyedwa ndi chiswe, ndi bwino kuifuna pa envelopu yakale, kuseri kwa chithunzi, pa chikwama kapena pa bokosi lachitsulo lomwe bambo anabwera nalo. Nkhalamba zambiri za Keyala zinkaiwala tsiku la ukwati koma nambala zinkaitchula mosadodoma, choncho mwina alipo wina m'banjamo amene anailoweza pongoimva.

Pa mapepala olembera usilikali pankakhalanso mtundu wa munthu, mudzi, mfumu ndi boma lochokera. Apa pofunika kukumbukira kuti maina a malo anasintha. Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo. Kunjako, Abyssinia ndi Ethiopia, Ceylon ndi Sri Lanka, Burma ndi Myanmar.

Chachiwiri kufunika kwake ndi bataliyoni. Keyala inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni a ku Nyasaland anali 1 KAR ndi 2 KAR. Nkhondo itakula anatsegula ena, monga 13 ndi 22, ndipo pambali pa nambalayo pamakhala zilembo Ny, kusonyeza Nyasaland. Chilembo K ndi Kenya, U ndi Uganda, TT ndi Tanganyika. Kufunika kwa bataliyoni ndi kwakuti chikalata cha msilikali sichifotokoza nkhondo. Chimangotchula gulu ndi tsiku. Koma maulendo a gulu lililonse analembedwa kwina, ndiye munthu akaphatikiza ziwirizi amadziwa komwe bambo ake anali.

Mwachitsanzo, amene anali mu 2 KAR mu Ogasiti 1940 anali ku British Somaliland pamene Ataliyana ankalanda dzikolo. Amene anali mu bataliyoni yoyamba kumapeto kwa 1942 anali ku Madagascar, kumenyana ndi Afalansa a boma la Vichy lomwe linkagwirizana ndi Germany. Amene anali mu 2 kapena 22 pakati pa Ogasiti ndi Disembala 1944 anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, lomwe linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pachimake, m'matope ndi malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin ku Kalewa. Nthano zija za mvula yosakata ndi misundu yoyamwa magazi, zomwe adzukulu ankaziyesa zokometsera, zimapeza pokhala munthu akaona madeti amenewa.

Komabe deti lokha silikwanira. Bataliyoni itha kukhala ku Burma koma munthu ali m'chipatala ku India. Apa mpomwe zidule zimagwira ntchito. TOS ndi chidule cha Taken on Strength, kutanthauza kuti msilikali walandiridwa m'kaundula wa gulu lakutilakuti. SOS, yomwe imadzidzimutsa anthu chifukwa amaidziwa ngati mfuu ya sitima yomira, pano ndi Struck off Strength: wachotsedwa m'kaundula wa gululo, kaya posamutsidwa, podwala nthawi yaitali, pomasulidwa kapena pomwalira. Mzere wotsatira ndiwo umanena chifukwa. Emb ndi kukwera sitima yapamadzi, Disemb ndi kutsika. Wokwerera ku Mombasa n'kutsikira ku Colombo mu 1943 ndiye kuti ankapita kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon. SEAC ndi ulamuliro wa nkhondo wa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, womwe Burma inali pansi pake.

Si onse anali a mfuti. EAASC linali gulu la mtengatenga ndi katundu, komwe kunachokera madalaivala ambiri amene pambuyo pake anayendetsa malole ndi mabasi m'misewu ya dziko lino. EAAMC linali la zachipatala. Mwana wopeza zilembo zimenezi asagwe mphwayi ngati kuti bambo ake sanamenye nkhondo, pakuti ku Kabaw wonyamula odwala ankaponda matope omwewo.

Maudindo nawo ali ndi zidule zawo. Pte ndi msilikali wamba, L/Cpl ndi wa mzere umodzi pamkono, Cpl ndi kopolo wa mizere iwiri, Sgt ndi sajeni wa mizere itatu. Pamwamba pawo panali CSM ndi RSM, masajeni meja. Pa nkhondoyi Mnyasa ankalekezera pomwepo, chifukwa ulefutenanti ndi ukaputeni unali wa Azungu. Banja lomwe linakula likumva kuti agogo anali kaputeni litha kupeza kuti anali sajeni meja. Kumeneko si kutsitsidwa. Munthu wakuda wofika pa RSM anali atagunda denga lomwe atsamunda anamuikira.

Nanga mamendulo? Amathandiza, koma ali ndi msampha. Ya Africa Star, ya nsalu yamtundu wa mchenga yokhala ndi mzere wofiira pakati, inkaperekedwanso kwa omenya nkhondo ku Abyssinia ndi Somaliland kufikira pa 27 Novembala 1941, tsiku lomwe mzinda wa Gondar unagwa. Ulendo wa ku Madagascar sunkapatsa munthu mendulo imeneyi. Ya Burma Star, ya nsalu yabuluu wodera yokhala ndi zofiira pakati ndi timizere ta olenji, ndi ya amene anatumikira ku Burma pakati pa 11 Disembala 1941 ndi 2 Seputembala 1945. Ya War Medal inkangofuna masiku 28 a usilikali. Msampha wake ndi wakuti Britain inapereka mamendulo a nkhondo yachiwiriyi osazokota dzina la mwiniwake. Mendulo ya m'sutikesi itha kukhala ya bambo, ya amalume kapena ya mnzawo. Zimasiyana ndi za nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918, komanso ya ku Malaya komwe 1 KAR ndi 2 KAR anapita m'zaka za m'ma 1950: zimenezo zili ndi nambala ndi dzina, m'mphepete kapena kuseri. Wokhala ndi yoteroyo aiyang'anitsitse padzuwa.

Pali mbali ina ya chikalata imene mabanja amachita nayo manyazi, ya khalidwe. Pomasula msilikali ankalemba mawu monga Exemplary, Very Good, Good kapena Fair. Pena pamapezeka AWL, kutanthauza kujomba popanda chilolezo, kapena chiwerengero cha masiku omwe anamudula malipiro. Powerenga izi munthu akumbukire kuti analemba ndi bwana, ndipo wolembedwayo sanafunsidwe mbali yake. Mnyamata wopatsidwa tchuthi chochepa, kwawo kuli mtunda wa masiku angapo wapansi kuchokera pomwe galimoto lamutula, ankachedwa kubwerera osati chifukwa cha mwano. Ndiponso gulu lomweli linkakwapula asilikali akuda mpaka 1946, pomwe kwa asilikali a ku Britain chikoti chinathetsedwa mu 1881.

Tsankho limeneli limaonekeranso pa ndalama. Mu 2019 mtolankhani Jack Losh anaulutsa zomwe zili m'mapepala a boma la Britain zokhudza ndalama yothokozera asilikali a kum'mawa kwa Africa nkhondo itatha, ndipo a ku Nyasaland anali pansi pa ulamuliro womwewo. Msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse womwe watumikira, Mmwenye masheleni 7 ndi theka, wakuda masheleni 3 ndi theka. Pa zaka zinayi Mzungu ankatenga mapaundi 24, wakuda mapaundi 8 ndi masheleni 8. Amene ali ndi chikalata chosonyeza tsiku lolowa ndi lotuluka atha kuwerengera yekha zomwe bambo ake anamanidwa. Ambiri amapeza kuti tsiku lotuluka ndi la mu 1946, chifukwa nkhondo itatha asilikali anadikira sitima miyezi yambiri.

Kodi chikalatachi chingabweretse ndalama lero? Mu 2018 Britain inalengeza thumba la mapaundi 11.8 miliyoni lothandiza pa chakudya asilikali akale osauka a m'maiko a Commonwealth ndi akazi awo amasiye, kudzera ku bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League. Linali thandizo la nkhalambazo ndi amasiye, osati chipukutamisozi cha ana ndi adzukulu. Wina akabwera pamsika n'kunena kuti apatsidwe chikalata ndi kangachepe kuti akatsegulire banja mamiliyoni ku London, ayenera kufunsidwa mafunso ambiri, ndipo chikalata chenicheni chisachoke pakhomo.

Kwa mabanja amene munthu wawo sanabwerere, poyambira ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe kaundula wake wa omwalira amafufuzidwa mwaulere pa intaneti, ngakhale pafoni. Nambala imagwira bwino kuposa dzina. Ena anaikidwa ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, ena ku Diego Suarez ku Madagascar. Maina a ena opanda manda odziwika ali pa Rangoon Memorial ndi pa East Africa Memorial ku Nairobi.

Kusapezeka m'kaundulayu sikutanthauza kuti nkhani ya banja ndi yabodza, makamaka ikakhala ya nkhondo yoyamba, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya. Mu Epulo 2021 lipoti la bungwe lomweli linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a ku Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ben Wallace, yemwe panthawiyo anali nduna ya zachitetezo ku Britain, anapepesa m'nyumba ya malamulo. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 pa nkhondo imeneyo, choncho nkhaniyi ndi yathu ndithu. Kupepesa n'kosavuta. Kubwezeretsa dzina kumafuna umboni, ndipo wina mwa umboniwo uli m'masutikesi a m'midzi, osati m'maofesi.

Kuno kwathu, wofufuza atha kugogoda ku National Archives ku Zomba, podziwa kuti moto wa mu 1919 unatentha mapepala ambiri a boma a zaka zam'mbuyo mwake. Athanso kufunsa ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, kapena kukawerenga mabuku a mbiri ya Keyala ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu mzinda wa Blantyre. Mabuku omwe bataliyoni iliyonse inkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ali ku National Archives ya ku Kew, ku London. Satchula kawirikawiri msilikali wamba ndi dzina, koma amanena komwe gulu linagona, komwe linamenyana ndi chiwerengero cha ovulala. Wachibale amene ali ku Britain atha kukawajambula akapatsidwa bataliyoni ndi madeti.

Asanapite kutali konseko, pali ntchito ya pakhomo. Tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zithunzizo zitumizidwe kwa abale angapo. Kumata chikalata m'pulasitiki yotenthetsa, monga amachitira ndi masatifiketi pa sitolo za fotokope, kumachiwononga chifukwa sichingamatulidwenso. Envelopu youma, kutali ndi denga lodontha, ndi yokwanira. Kenaka wina akhale pansi ndi azakhali aakulu, chikalata chili m'manja, awawerengere maina a malo amodziamodzi, Mombasa, Colombo, Kalewa, n'kulemba chilichonse chomwe angakumbuke kuti mlongo wawo kapena bambo awo ankanena za kumeneko.