Mwana Wodziwa Osiris Adziwenso Kaphirintiwa

Mnyamata wina wa sukulu m'boma la Mchinji, atatsiriza kuwerenga buku lotchedwa The Red Pyramid, anafunsa mphunzitsi wake ngati Achewa nao ali ndi nthano zoyenera kulembedwa chotero. Mphunzitsiyo anangolanda bukulo nati ndi la ufiti. Pamenepa panalakwika, pakuti funso la mwanayo linali lanzeru ndithu.

Bukuli analemba ndi Rick Riordan wa ku America, ndipo linatuluka m'chaka cha 2010. Likusimba za Carter Kane ndi mlongo wake Sadie, amene atate wao anaphwanya mwala wa Rosetta mu British Museum ku London, namasula milungu isanu ya Aigupto akale, pakati pao Osiris, Isis, Horus ndi Set. Zakuphwanyazo ndi nthano chabe, koma mwalawo ulipodi. Unapezeka mu 1799, ndipo ndiwo unathandiza Champollion mu 1822 kuzindikira malembo akale a Aigupto. Tsono mwana wowerenga bukuli satolamo ufiti iai, atolamo mbiri.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti mwanayo atha kutchula Horus, koma sanamvepo za Kaphirintiwa wa m'mapiri a Dzalanyama, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsika kumwamba nasiya mapazi ao pathanthwe. Sadziwa za Makewana wa ku Msinja, wopempha mvula, ngakhale za njoka yake Thunga. Komatu mwezi wa Ogasiti chaka ndi chaka anthu a kwao amadutsa chipata cha Mwami kunka ku Mkaika, ku Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005.

Nkhanizi zinalembedwapo. Samuel Nthara analemba Mbiri ya Achewa, ndipo Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker m'Chingerezi. Koma awa ndi mabuku a akuluakulu. Riordan anachita china: anatenga nthano zakale naikamo ana a masiku ano, kotero kuti mwana sagona asanatsirize mutu.

Ntchito imeneyi iyenera aphunzitsi, pakuti ndiwo akhala pafupi ndi ana ndi nkhalamba zomwe. Afunse, alembe, ndipo a Malawi Institute of Education ku Domasi awapatse malo m'mabuku a sukulu. Mau a akulu akoma akagonera, koma akapanda kulembedwa, eni ake amanka nao kumanda. Mnyamata uja abwezeredwe buku lake, ndipo funso lake liyankhidwe ndi buku lina, la m'chinenero cha kwao.