Zimene mwana amadziuza akaphonya penate

Tikamaonerera masewero pabwalo la sukulu, maso athu onse amatsata mpira. Tsiku lina tidzayese kuyang'ana milomo ya mwana amene wangophonya penate. Imakhala ikugwedera. Ife amene tinathamangitsapo chikopa tikudziwa zimene akudziuza: "Ndine chitsiru, ndagwetsa timu, mpira si wanga." Pakapita mphindi zisanu wayamba kubisala kumbuyo kwa otchinga a timu inayo kuti anzake asamupatsire. Teremu yotsatira sabweranso kokonzekera, ndipo timangoti wayamba ulesi.

Ife tikuti mawu amenewa ndi ofunika kuwaphunzitsa, monga timaphunzitsira kuimitsa mpira kapena kuponyera mu ntchemberembaye. Mu 2011, Antonis Hatzigeorgiadis ndi anzake a ku Greece anaunika kafukufuku wokwana 32 ndipo anapeza kuti osewera amene amadzilankhula mawu osankhidwa bwino amachita bwino kuposa kale, makamaka akakhala atawayeserera. Anapezanso kuti pa zinthu zofuna kulunjika, mawu odzilangiza chochita amathandiza kuposa ongodzilimbitsa mtima. Mtsikana amene waima pansi pa golo akadziuza kuti "pinda mawondo, yang'ana mkombero," maganizo ake amakhala pa ntchito, ndipo phokoso la ochemerera limakhala ngati latalikira.

Makolo ena angadandaule kuti tikuphunzitsa ana kudzitama, ndipo nkhawayo tikuimvetsa, chifukwa timalera ana athu kuti akhale odzichepetsa. Muhammad Ali ankalengeza kuti palibe womuposa asanagonjetse n'komwe Sonny Liston mu 1964, koma uja anali Ali, ndipo sitikupempha mwana wa Fomu 2 kuti azichita zomwezo. Mwana amene sanakonzekere akamadziuza kuti ndi katswiri, mtima wake womwe umamutsutsa. Zimene tikufuna ndi mawu oona: "Ndaphonya. Ndinaweramira kumbuyo. Wotsatirawo ndimenya pansi." Pamenepa palibe kudzikuza. Ndiponso kudzitukwana si kudzichepetsa ayi. Mwana wodzitcha chitsiru amakhala akunena bodza za iye mwini.

Chovuta kuvomereza n'chakuti mawu oipawo ana amawatola kwa ife. Mphunzitsi akakuwa kuti "miyendo yako ndi ya chinangwa," anzake n'kuseka, mwanayo amapita nawo kunyumba, amagona nawo, ndipo amadzawapeza m'mutu mwake ngakhale m'chipinda cha mayeso, atakumana ndi funso la masamu lomuvuta.

Choncho tikupempha aphunzitsi a zamasewero kuti teremu ino wosewera aliyense asankhe mawu ake awiri kapena atatu, m'chilankhulo chimene amaganizira, kaya Chichewa kaya Chiyao, ndipo aziwanena pokonzekera tsiku lililonse, osadikira tsiku la mpikisano. Ife a m'mbali mwa bwalo, mwana akaphonya, tizimutchula dzina n'kumuuza kuti abwerere pamalo pake, mpira ukupitirira.